Kugula masitampa akale a Nyasaland pa okushoni ya eBay: katundu ngwambiri, koma musaulule mtengo wanu msanga

Munthu wofuna masitampa a British Central Africa ndi a Nyasaland, kapena makobidi a nthawi ya chitaganya, aja obooka pakati, peni ya njovu ndi hafu peni ya nyamalikiti, sangaizembe eBay, msika wa pa intaneti kumene ogula amapikisana mitengo pa okushoni. Katunduyu anachokera kwathu kuno, koma wambiri ali m'manja mwa ogulitsa a ku Britain, America ndi South Africa, ndipo sabata iliyonse wina amatulukira pamsikawu. Pa nkhani ya kuchuluka kwa katundu, eBay ikuyenera kuyamikiridwa popanda kunyinyirika. Pamene ikuperewera ndi pa kuteteza wogula kwa anthu okweza mitengo mwachinyengo, ndipo amene sakumvetsa mmene makina ake opikisanira amayendera amalipira ndalama zambiri osadziwa n'komwe kuti wabeledwa.

Makinawo amayenda chonchi. Inu mumalemba mtengo wotsiriza umene mungalolere kulipira, eBay n'kuubisa, ndipo imakupikisanirani yokha pang'onopang'ono. Kakwezedwe kake nkokhazikika: pakati pa $5 ndi $24.99 imakweza ndi masenti 50, pakati pa $25 ndi $99.99 ndi dola imodzi, pakati pa $100 ndi $249.99 ndi $2.50. Choncho mukalemba $60 pa sitampa imene mnzanu walekezera pa $20, simulipira $60 ayi, mulipira $20.50. Anthu awiri akalemba mtengo wofanana, amapambana amene anayamba kulemba. Dongosololi nlachilungamo ndithu, bola onse opikisana akhale ogula enieni.

Vuto limayamba wogulitsa akatuma mbale wake, mnzake kapena akaunti yake yachiwiri kuti izipikisana nanu. Nchimodzimodzi anthu aja amene amazungulira wogulitsa mankhwala padepoti, n'kumayerekeza kugula kuti odutsa akopeke. Tiyeni tibwerere ku sitampa ya $20 ija. Mwalemba $60 yanu Lolemba, okushoni ikutha Lamlungu. Lachitatu kukubwera akaunti imene ikulemba $25, makina n'kukukwezani kufika $26. Ikulembanso $30, $40, $50, ndipo nthawi iliyonse ikuona kuti mukadali pamwamba. Kenaka ikulemba $100, mtengo woonekera n'kufika $61, ndipo apa aliyense wodziwa masamu waona kuti inu munalekezera pa $60. Akauntiyo ikubweza mtengo wake ponamizira kuti inalakwitsa polemba, ina n'kubwera ndi $59. Lamlungu mukulandira uthenga woti mwapambana, pa $60 yonse, pamene wogula weniweni amene munkalimbana naye anaima pa $20. Palibe lamulo limene inu mwaphwanya, ndipo sitampa ifikadi, koma mwaperekera ndalama pafupifupi katatu.

Malamulo a eBay amaletsa zimenezi, ndipo amaletsanso achibale, anzake ndi antchito a wogulitsa kupikisana pa katundu wake ndi cholinga chokweza mtengo. Si nkhani yongopeka. M'chaka cha 2000 chithunzi chabodza chimene chinkaoneka ngati cha katswiri wojambula zithunzi Richard Diebenkorn chinakwezedwa mpaka $135,805 pa eBay, ndipo Kenneth Walton ndi anzake awiri anazengedwa mlandu ku America. Mu 2010 khoti la ku Britain linalipiritsa chindapusa Paul Barrett chifukwa chopikisana pa katundu wake yemwe pogwiritsa ntchito akaunti yachiwiri. Mu August 2021 eBay inaimitsa PWCC, kampani yaikulu yogulitsa makhadi a zamasewera, ponena kuti anthu ogwirizana nayo ankakweza mitengo. PWCC inakana mlanduwo. Koma taonani kukula kwa milanduyi. Pa sitampa ya $60 musayembekeze kuti wina akufufuzirani. Mukadandaula, eBay siikuuzani zimene yapeza, ndipo chitetezo chake chobweza ndalama chimagwira pa katundu amene sanafike kapena wosiyana ndi mmene anafotokozedwera, osati pa mtengo wokwezedwa mwachinyengo. Apa mpamene tikuichotsera malikisi ambiri.

Chinanso chopweteka nchakuti maina a opikisana amabisidwa. Mumangoona zilembo ziwiri ndi nyenyezi pakati, kuphatikiza nambala ya ndemanga zimene munthuyo analandira. Anachita izi pofuna kuteteza ogula kwa akuba amene ankawalembera mauthenga abodza, ndipo chifukwacho nchomveka, koma chinabisanso achinyengo. Wogulitsa akasankha kuti okushoni yake ikhale "private listing", ngakhale zilembo ziwirizo simuziona. Pa sitampa wamba palibe chifukwa chomveka chobisira opikisana, ndiye mukaona zotere, dutsani.

Zimene zatsala kuti muziwerenge ndi mbiri ya mitengo, ndipo imaulula zambiri kwa woleza mtima. Tsegulani katundu khumi kapena khumi ndi asanu amene wogulitsayo wagulitsa posachedwa. Yang'anani akaunti ya ndemanga zochepa, ziro kapena zitatu, imene ikupezeka paliponse, pa masitampa, pa mawotchi, pa zidole, koma osapambana. Yang'anani mitengo yobwezedwa, imene imalembedwa pansi pa tsambalo. Chizindikiro champhamvu kuposa zonse ndi katundu amene "anagulidwa" sabata yatha n'kubwereranso pamsika ndi zithunzi zomwezo. Sitampa iliyonse yakale ili ndi nkhope yake: dzino limodzi lalifupi m'mphepete, chidindo cha Zomba kapena Fort Johnston (Mangochi ya lero) chopendekera mbali ina. Mukaiona kawiri kwa wogulitsa mmodzi, ndiye kuti wopambana uja sanalipire, ndipo zikachitika kawirikawiri mukudziwa amene anali. Chenjeraninso ndi uthenga wa "Second Chance Offer" umene ukufika patangopita mphindi zochepa okushoni itatha. Lamulo limalola wogulitsa kukupatsani katundu pa mtengo wanu wotsiriza ngati wopambana walephera kulipira, koma wopambana amakhala ndi masiku anayi olipirira. Wogulitsa wadziwa bwanji m'mphindi khumi kuti salipira? Pokhapokha atakhala ndi sitampa ina yofanana, funsolo liyenera kukuimitsani.

Komabe tisafulumire kunamizira anthu. Ogula atsopano ambiri amakweza pang'onopang'ono chifukwa sadziwa kuti makina amawapikisanira. Wosonkhanitsa masitampa a Nyasaland okha angathe kumapezeka kwa wogulitsa mmodzi sabata ndi sabata, popeza ogulitsa odziwa za dziko limodzi laling'ono si ambiri. Chizindikiro chimodzi si umboni. Zitatu zikakumana pamodzi, musiyeni wogulitsayo, osakangana naye.

Njira yodzitetezera imayamba okushoni isanafike kumapeto. Pezani nambala ya sitampayo m'buku la Stanley Gibbons, limene limandandalika masitampa ndi mitengo yake, koma musatenge mtengo wa m'bukumo ngati mtengo wa pamsika, chifukwa masitampa wamba amagulidwa motsika kwambiri kuposa pamenepo. Gwiritsani ntchito sefa ya "Sold items", imene imaonetsa zogulitsidwa m'miyezi pafupifupi itatu yapitayo, mutenge mitengo isanu kapena kuposa ya katundu wofanana maonekedwe, mutaye wokwera kwambiri ndi wotsika kwambiri. Pa mtengo wapakatiwo chotsanipo ndalama yotumizira, msonkho ndi zimene banki idzadula posintha ndalama. Chotsalacho ndiye malire anu. Lembani papepala. Musalembe nambala yozungulira ngati $60, chifukwa ambiri amaima pamenepo, lembani $61.37, poti kuposa mnzanu ndi senti imodzi kumakwanira ngati mtengo wanu walandiridwa.

Kenaka lembani kamodzi kokha, kutatsala masekondi asanu mpaka asanu ndi atatu. eBay imalola zimenezi, ndipo pa okushoni zake zambiri nthawi yothera siisuntha. Wachinyengo sangafufuze mtengo umene sunalembedwe, ndipo wopikisana wotengeka mtima sapeza mpata wobwezera. Kwa ogula ali ku Malawi pali zopinga ziwiri. Netiweki ikachedwa masekondi anayi, mwataya. Ndiponso okushoni yothera 9 koloko usiku ku New York imatha 3 kapena 4 koloko m'bandakucha kwathu, pamene ya 8 koloko madzulo ku London imatha 9 kapena 10 koloko usiku, malinga ndi nyengo. Nchifukwa chake ambiri amagwiritsa ntchito Gixen kapena zina zofanana nayo, zimene zimalemba mtengo m'malo mwanu pa sekondi imene mwasankha. Gixen imalolanso kuika masitampa angapo ofanana m'gulu limodzi kuti mukapambana imodzi, enawo asiyidwe. Dziwani kuti mukuipatsa mwayi wolowa mu akaunti yanu, ndiye mawu achinsinsi a akauntiyo asafanane ndi a imelo kapena a banki.

Njirayi ili ndi malire ake. Siiletsa wogulitsa kuika mtengo wabodza umodzi waukulu pachiyambi kuti ukhale ngati mtengo wobisika wosatsikirapo. Chimene chimakutetezani pamenepo ndi pepala lija. Kulemba m'masekondi omaliza sikugwiranso pa Catawiki, msika wina wa okushoni wa pa intaneti, kumene nthawi imawonjezeka wina akalemba m'mphindi yomaliza, ndipo kumeneko muwerengerenso ndalama imene wogula amalipira pamwamba pa mtengo. Delcampe, msika wa ku Belgium, uli ndi ogulitsa masitampa ndi mapositikhadi ambiri, ndipo nkoyenera kufananitsa mitengo kumeneko musanalembe chilichonse pa eBay.

Ngakhale okushoni itakhala yoyera, sitampa ingathe kukhala yodetsedwa. Masitampa a mtengo waukulu a Nyasaland, a mashiling'i khumi, a paundi ndi okwera kuposa apo, ankagwiritsidwanso ntchito polipira msonkho pa zikalata za boma ndi za banki. Otere amatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi amene anadutsa ku positi ofesi, ndiye ena amafufuta inki ya cholembera n'kudindapo chidindo chabodza, kapena kupakanso guluu kumbuyo kuti ioneke ngati yosagwiritsidwa ntchito. Zilembo za B.C.A. (British Central Africa) zimene zinadindidwa pa masitampa a British South Africa Company kuyambira 1891 nazonso ena amazidinda mwachinyengo. Pemphani chithunzi cha kumbuyo nthawi zonse, ndipo wogulitsa akakana, musagule. Pa chilichonse chodutsa madola mazana angapo, funsani satifiketi ya Royal Philatelic Society London kapena BPA, mabungwe a ku Britain otsimikizira kuti sitampa ndi yeniyeni. Pa makobidi, ya NGC kapena PCGS, makampani oyesa makobidi, ndipo nambala yake muitsimikize pa tsamba la kampaniyo.

Musanalembe mtengo, funsani ngati wogulitsa amatumiza ku Malawi, poti ambiri satumiza. Ngati mukudutsira kwa mbale ali ku Britain kapena ku Joni, lembani adiresi yake mu akaunti yanu musanalipire, ndipo mum'pemphe atsegule phukusi ndi kujambula katunduyo tsiku lomwe wafika. Masiku 30 odandaulira amayamba kuwerengedwa katundu akafika pa adiresi imeneyo, osati akafika m'manja mwanu ku Lilongwe.