Fujifilm X-T3 patatha miyezi 14 m'mapiri ndi kunyanja

Nditangoigula kamerayi ndinalemba mwachidule kuti ndaikonda pa zifukwa ziwiri: ndi yopepuka, ndipo mitundu ya zithunzi zake imatuluka bwino moti sindinkaona chifukwa chozikonzeranso pa kompyuta. Nthawi imeneyo ndinali nditangoyenda nayo ku Michiru ndi ku Zomba basi. Anzanga ojambula anandiuza kuti ndidikire kaye ilawe chiperoni cha ku Mulanje ndi fumbi la mu Okutobala, kenako ndidzalankhule. Tsopano yalawa zonsezo. Pa mfundo yoyamba ija sindinasinthe maganizo, koma pa yachiwiri ndinafulumira kuyankhula.

Ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito kwa mnyamata wina wa ku Blantyre amene anabwera nayo kuchokera ku Joni, pamodzi ndi lenzi ya XF 16-80mm f/4. Kamerayi inatuluka mu 2018, choncho ena amaiona ngati yachikale. Imalemera magalamu 539 batire ili momwemo, lenziyo 440, kutanthauza kuti zonse pamodzi sizikwana kilogalamu imodzi. Amene anakwerapo phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe akudziwa tanthauzo la zimenezi. Kamera yanga yakale inkakhala m'chikwama cha wonyamula katundu, ndipo ndikaona kuwala kwabwino ndinkachita kumuitana, kumasula chikwama, pofika poitulutsa mtambo utatseka kale. Iyi imakhala pakhosi panga ulendo wonse. Zithunzi zanga zambiri zimene ndimazinyadira chaka chino ndinazijambula tili pakati pa njira, pamalo amene kale sindikanaima n'komwe.

Mu Julayi ndinakhala masiku anayi pamwamba pa Mulanje, ndipo masiku atatu mwa amenewo chiperoni sichinatisiye. Kamvula kake si koti n'kuthawira m'nyumba, kamangokunyowetsa pang'onopang'ono mpaka jekete yonse itanyowa. Kamera ndi lenzi zonse zili ndi zotchinga madzi ndi fumbi, ndipo zinagwira ntchito popanda vuto ngakhale madontho ankayenderera pa mabatani. Vuto ndinalibweretsa ndekha madzulo oyamba: ndinalowa nayo ili yozizira m'kanyumba kogona alendo momwe munali moto, galasi lonse linachita nthunzi, ndipo kwa ola lathunthu sindinajambule kanthu pomwe kunja kunayera pang'ono dzuwa likulowa. Kuyambira tsiku limenelo ndimaitsekera m'chikwama ndisanalowe, n'kuisiya pakona kutali ndi moto kuti itenthe mwapang'onopang'ono.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinafuna kuti titsike msanga chifukwa ndinali nditataya mtima. Bambo amene ankatilondolera njira, munthu wamkulu amene wakwera phirili kuyambira ali mnyamata, anandiuza kuti ndimwe kaye tiyi, mphepo yasintha ndipo kuyera posachedwa. Sipanathe theka la ola, nkhungu inayamba kung'ambika, khoma la mwala la Chambe linatulukira lili lonyowa, likunyezimira, mitengo ingapo ya mkungudza ili patsogolo pake. Zinatenga mphindi zochepa chabe. Apa m'pamene ndinayamikira timagudumu ta pamwamba pa kamerayi. Zinthu zitatu zosinthira kuwala kwa chithunzi zili pafupi: ISO ndi liwiro la shutter zili ndi kagudumu kakekake, aperture ili pa lenzi, ndiye ngakhale zala zitauma ndi chisanu munthu umasintha osachotsa diso pa phiri.

Za batire ziyenera kunenedwa momveka. Kamerayi imagwiritsa batire ya NP-W126S, yomwe mwamalemba imajambula zithunzi pafupifupi 390, ndipo batire iliyonse kukazizira imatha msanga. M'tinyumba ta pa Mulanje mulibe magetsi. Chimene chimandipulumutsa n'chakuti kamerayi imatchajidwa ndi USB-C, choncho usiku ndimailumikiza ku power bank, ndipo mabatire apadera ndimagona nawo m'thumba la malaya kuti asazizidwe. Ndinagulapo awiri otchipa opanda dzina pa shopu ina m'tauni. Imodzi inafufuma patatha miyezi itatu moti inkavuta kutuluka. Musaumire ndalama pa batire.

M'thupi mwa kamerayi mulibe chothandiza kuti chithunzi chisagwedezeke, koma lenzi ya 16-80 ili nacho, ndipo masana chimakwanira. M'bandakucha ndi chisisira, nthawi imene ine ndimajambula kwambiri, tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndi yofunika basi. Yanga yoyamba inali yopepuka kwambiri. Ku Senga Bay, ndikudikira dzuwa kuti lituluke m'nyanja, mwera unaigwetsa ndi kamera yomwe pamchenga. Kamera inangopalika pakona, koma mchenga unalowa m'mphete ya lenzi ndipo ndinatha masiku ndikuuchotsa ndi kaburashi. Panopa ndimapachika chikwama pansi pa tripod kuti ilemere.

Tsopano za mitundu, pomwe ndinalakwitsa. Kamerayi ili ndi maonekedwe otengera mafilimu akale a Fujifilm, monga Velvia, ya mitundu yowala kwambiri, ndi Acros, ya zithunzi zakuda ndi zoyera. Miyezi yoyambirira ndinkangoika Velvia paliponse. M'minda ya tiyi ku Thyolo, kubiriwira kwake kunkapyola muyezo, ngati wina wathirapo penti, ndipo sindinazindikire mpaka nditasindikiza. Komanso dziko lathu lili ndi thambo lowala kwambiri pamwamba pa zigwa zakuda, ndipo JPEG yokha, chithunzi chimene kamera yakonza kale, imataya mbali imodzi. Lero ndimajambula RAW, chithunzi chosakonzedwa chodzakonzera pa kompyuta, ndi JPEG pamodzi, imodzi pa khadi lina, inayo pa linzake, popeza kamerayi imalowa makhadi awiri a SD. Ndikabwerera kunyumba ndimakhala pa kompyuta ngati wina aliyense.

Chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi kubwerera pamalo amodzi kangapo. Ku Emperor's View pa phiri la Zomba ndapitako maulendo asanu ndi kamera yomweyi. Mu Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zinaphimba chigwa chonse, Mulanje osaoneka, nyanja ya Chilwa osaoneka. Ndinakwiya, kenako ndinaika Acros, ndinakokera lenzi ku 80mm, pomwe imaonetsa zakutali pafupi, ndipo timapiri ta m'chigwamo tinandandalikana, kena kakuda, kotsatira kotuwa, komaliza kongooneka ngati mthunzi. Mvula yoyamba itagwa ndinabwereranso, mpweya utatsukidwa, ndipo Mulanje ankaoneka ngati ungamukhudze ndi dzanja. Mu Epulo ndi Meyi ndi pomwe kumakhala kobiriwira komanso koyera nthawi imodzi. Ndinkaganiza kuti wojambula mapiri amafunika lenzi yotambalala kwambiri, koma nditawerenga zithunzi zanga ndinapeza kuti zambiri zimene ndasunga ndinazijambula pakati pa 50 ndi 80mm.

Kumene lenziyi imaperewera ndi ku Nyika. Mbidzi zikakhala patsidya pa dambo kufupi ndi Chelinda, 80mm imazionetsa ngati timadontho. Ndinasiya kulimbana nazo, ndinayamba kuzijambula zili zazing'ono m'kati mwa zitunda za udzu zija, ndipo ndi momwe Nyika amaonekeradi ukaimirira pamenepo. Koma amene akufuna nyama pafupi, kapena mbalame za ku Liwonde, agule lenzi ina yaitali. Ubwino wokhala ndi lenzi imodzi ndi wakuti sinditsegula kamera m'fumbi. M'miyezi 14 ndapukuta sensa, mbali ya m'kati imene imalandira kuwala, kawiri kokha. M'dzinja ndimasunga zonse m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi silica gel, timikanda toyamwa chinyezi, kuopa chuku pa galasi.

Kunyanja ndinaona ubwino wina umene sindinauyembekezere. Ku Chembe, asodzi akamatuluka m'madzi m'mawa ndipo amayi akuyanika usipa pa mathandala, kamera yaikulu imasokoneza anthu. Iyi sachita nayo mantha. Ndimayamba ndi moni, ndimapempha chilolezo, wokana ndimamusiya, ndipo wovomera ndimamuonetsa chithunzi chake pomwepo. Sikirini ya kamerayi imapendekeka, ndiye nditha kujambula bwato kuchokera pansi pafupi ndi madzi osagona pamchenga.

Amene ali ndi ndalama zochepa ndipo akufuna kujambula mapiri ndi nyanja, ndingamuuze kuti agule X-T3 yakale yosamalidwa bwino, ayang'anitsitse galasi la lenzi pa kuwala asanalipire, ndipo zotsalazo asungire tripod yolimba, thiransipoti ndi malipiro a otsogolera njira. Chithunzi cha Chambe chija ndinachisindikiza pa pepala la A2 ndipo timing'alu ta m'mwala tonse tikuoneka. Ndinasindikiza ziwiri. Chinacho ndachikulunga kale, ndidzapita nacho ku Likhubula mwezi wamawa kukawapatsa bambo aja, kenako tidzakwere ku kanyumba ka Chisepo kuti tikayese Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya Mulanje, m'bandakucha.