Paro, mphaka wa Joy for All ndi NAO: iti ingathandize munthu wa ulumali wa mu ubongo?

Maloboti atatuwa amatchulidwa m'nyumba zosamalira anthu pakafunika chinthu chokhazika mtima pansi munthu amene amachedwa kumvetsa zinthu, wosowa mawu ofotokozera nkhawa yake. Musanayang'ane mtengo, dziwani kuti Paro ndi mphakayu anatchukira kwa okalamba odwala matenda oiwala. Anthu a ulumali wa mu ubongo anangobwerekedwa zida za eni ake.

Paro anapangidwa ndi Takanori Shibata ku AIST, bungwe la kafukufuku wa sayansi ku Japan, ndipo ntchitoyi inayamba mu 1993. Amaoneka ngati kamwana ka harp seal, nyama ya m'nyanja za kozizira. Anasankha dala nyama yachilendo: galu kapena mphaka aliyense amamudziwa, ndiye wabodza sachedwa kugwidwa. Ndi wotalika masentimita 57, amalemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka, ngati khanda lobadwa kumene, ndipo kulemerako kumamveka bwino pamiyendo. Ali ndi masensa omva kukhudza, kuwala, mawu, kutentha ndi mmene wanyamulidwira. Mukamusisita amaphethira, n'kutembenuzira mutu kumene kukuchokera mawu. Tchaja yake imalowa m'kamwa ngati titi ya mwana. Ku America bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linamuika m'gulu la zipangizo zachipatala mu 2009. Mtengo ndiwo woboola m'thumba: pafupifupi madola 6,000.

Nanga ndalama yonseyo imagula chiyani? Mu 2017 ku Queensland, Australia, gulu la Wendy Moyle linafalitsa kafukufuku wa okalamba 415 m'nyumba 28, mphindi 15 katatu pa sabata kwa masabata 10. Paro anakopa anthu kumuyang'ana ndi kumulankhula kuposa Paro wozimitsidwa, koma kusiyana kwake sikunali kwakukulu. Chaka chomwecho ku Netherlands kunatuluka kafukufuku womuyesa pa akuluakulu asanu a ulumali waukulu wa mu ubongo, pomuyerekeza ndi chidole cha ubweya chosayenda, ndipo kwa ambiri a iwo Paro sanapose chidolecho moonekeratu. Anthu asanu ndi ochepa, inde, koma wogulitsa sangakuuzeni zimenezi.

Mphaka wa Joy for All anatuluka mu 2015 pansi pa kampani ya zidole ya Hasbro. Kuyambira 2018 amagulitsidwa ndi Ageless Innovation. Mtengo wake sufika madola 200, kutanthauza kuti Paro mmodzi angagule amphaka oposa 30. Amadya mabatire anayi a saizi C. Kumimba kuli switchi ya malo atatu: kuyatsa, kutseka mawu, kuzimitsa. Amalira, amanjenjemera ngati mphaka wokhuta, amagudubuka chagada. Saphunzira kanthu, amangobwereza zomwezo, koma kwa munthu amene zinthu zosinthasintha zimamusokoneza, kubwerezako n'kwabwino. Choipa chake n'chakuti pansi pa ubweya pali pulasitiki wolimba, ndipo mota imamveka kuti kwee akamatembenuza mutu. Womukumbatira mwamphamvu kapena kumugwira khosi akugudubuka amaononga magiya.

Pa ukhondo m'pamene mphaka amapambana Paro kutali. Onse awiri salowa m'madzi, amangopukutidwa. Munthu wotuluka dovu kapena wokonda kuika zinthu m'kamwa amanyowetsa ubweya m'mphindi zochepa. Paro, chifukwa cha mtengo, amakhala mmodzi nyumba yonse n'kumayenda manja ndi manja, ndiye chimfine kapena matenda a m'mimba akabuka, ayenera kutsekeredwa m'kabati. Mphaka aliyense angakhale ndi wakewake.

NAO ndi nkhani ina. Ndi kaloboti ka ku France kooneka ngati munthu, masentimita 58, kamayenda, kuvina ndi kulankhula. Sikokumbatira ayi, n'kophunzitsira kudikira nthawi yako, kutsanzira ndi kupereka moni. Batire imatha pakangodutsa ola limodzi, ndipo pamafunika munthu wokonza zochita zake pa kompyuta. Popanda munthuyo, kamangotola fumbi. Chenjeraninso ndi loboti yodalira intaneti ya kampani: Moxie, ya madola 799, inasiya kugwira ntchito m'manyumba ambiri kampani ya Embodied itatseka kumapeto kwa 2024, ana atayizolowera kale.

Njira yosankhira yosataya ndalama ndi iyi. Yambani ndi chidole wamba cha ubweya kwa masabata awiri, mphindi 10 mpaka 15, nthawi imodzimodzi, chipinda chomwecho, wosamalira yemweyo. Lembani zinthu ziwiri zokha zowerengeka, monga kangati wadzimenya kapena mphindi zingati wakhala pansi modekha. Kenako bweretsani mphaka kwa masabata ena awiri, mawu atatsekedwa, mumuike patebulo osati pamiyendo, mwini wake atambasule yekha dzanja. Akatseka makutu, kutembenuka kapena kukankha, chotsani. Kumeneko n'kukana, ngakhale palibe mawu. Muuzeni zoona kuti ndi makina, ndipo sinthani mabatire asanathe, chifukwa wina akaona mphaka wangoti zii amayesa wafa, n'kulira maliro enieni. Paro mubwerekeni kaye, ndipo mugule pokhapokha manambala a masabata ake ataposa a mphaka.