Maiwe kapena Makina: Njira Ziwiri Zoyeretsera Madzi a Suweji mu Lusaka

Madzi a m'zimbudzi ndi m'mabafa a mu Lusaka amene amalowa m'mapaipi a suweji amayeretsedwa m'njira ziwiri. Ku Manchinchi ndi ku Chunga kuli makina, pamene ku Ngwerere, ku Kaunda Square ndi ku Matero kuli maiwe akuluakulu, ndipo malo onsewa ali m'manja mwa Lusaka Water Supply and Sanitation Company. Madzi otuluka kumeneko samathera pompo. A ku Manchinchi amatsikira mu mtsinje wa Ngwerere mpaka mu mtsinje wa Chongwe, ndipo a ku Chunga amalowera ku Mwembeshi, womwe umathira mu Kafue, mtsinje umene mzinda uno umatungamo madzi akumwa pa Iolanda.

Pa makina, madzi amayamba adutsa pa zitsulo zotsekereza nsanza ndi mapulasitiki, kenako amadikha m'matanki kuti matope akhale pansi. Akatero amawazidwa ndi mapaipi ozungulira pamwamba pa mulu wa miyala, ndipo tizilombo tomata pa miyalayo timadya zonyansa zosungunuka pamene madzi akutsetsereka. Ntchitoyi imatha m'maola ochepa ndipo sifuna malo aakulu, zomwe n'zofunika mumzinda umene mapuloti akudula chonchi. Koma mapampu amafuna magetsi, ndipo amene anakhala mu Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, akudziwa kuti magetsi si chinthu chodalirika. Paipi yozungulira ikangoima, miyala imauma ndipo tizilombo tothandiza tija timafa. Ngakhale zonse zikuyenda bwino, miyalayo sipha mokwanira tizilombo toyambitsa matenda, n'chifukwa chake madzi a ku Manchinchi amapitirira ku maiwe a ku Garden asanalowe mumtsinje.

Maiwe sachita changu. Madzi amayenda mwa okha kuchoka m'dziwe lakuya, momwe matope amaolera pansi, kupita m'maiwe osaya obiriwira ndi ndere, ndipo ulendo wonse umatenga masabata. Ndere zimatulutsa mpweya umene tizilombo todya zonyansa timafuna, dzuwa limapha tizilombo ta matenda, ndipo mazira a njoka za m'mimba amamira. Kwa alimi a repu ndi tomato amene amathirira madimba awo ndi madzi a mu Ngwerere, phindu limeneli si laling'ono, popeza ndiwo zawo ndi zomwe timagula pamsika. Vuto la maiwe ndi lakuti amaoneka ngati safuna chisamaliro. Matope akapanda kuchotsedwa, dziwe limakwiririka pang'onopang'ono, madzi amangodutsa pamwamba mofulumira, fungo limafika m'nyumba zoyandikana, ndipo udzu wa m'mbali umasanduka malo oswanirana udzudzu. Malo nawonso ndi ovuta, chifukwa maiwe amene anakumbidwa kutali ndi anthu tsopano azunguliridwa ndi nyumba.

Ine ndikuona kuti kumene malo alipo, maiwe ndiwo oyenera kudaliridwa, chifukwa akanyalanyazidwa amafooka pang'onopang'ono, pomwe makina akawonongeka, zonyansa zimafika mumtsinje tsiku lomwelo. Makina ndi oyenera pakati pa mzinda, bola ndalama zokonzera zikhalepo chaka ndi chaka ndipo a ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, aziyeza madzi otulukawo mosanyengerera.

Komabe nyumba zambiri za mu Lusaka, makamaka m'makomboni monga Kanyama ndi Chawama, sizinalumikizidwe ku suweji. Mzindawu unakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo madzi apansi ali pafupi, kotero zotuluka m'zimbudzi zokumba zimafika msanga m'zitsime nthawi ya mvula, monga kolera ya 2017 ndi ya 2023 inasonyezera. Choncho posankha pakati pa maiwe ndi makina, afunsidwenso ngati malowo angathe kulandira matope okhuthala amene magalimoto opopa masepitiki tanki amabweretsa, pakuti matope otere amadzaza dziwe msanga kuposa madzi a m'mapaipi, ndipo ku Kanyama ndi ku Chazanga anachita kumangira matope a m'zimbudzi zokumba malo awoawo.