Nyimbo za mtundu wongopeka wa kumpoto: ntchito ya situdiyo ina ya ku Kapata

Gulu lathu la muno mu Chipata limasewera Dungeons & Dragons, masewera a nthano amene anatuluka koyamba ku America mu 1974, ndipo m'nthano yathu muli mtundu wongopeka wa anthu oweta ziweto kudziko lozizira la kumpoto. Tinapempha situdiyo ina yaing'ono ya ku Kapata kuti itipekere nyimbo za anthu amenewa, zoti zizimveka chapansipansi tikamasewera.

Katswiri wa pasitudiyopo anayamba wamvetsera zida zoimbira za zingwe, kantele ya ku Finland ndi nyckelharpa ya ku Sweden, ndiponso kulning, mfuu yokwera kwambiri imene amayi a ku Sweden ankaitanira ng'ombe kubusa, koma anakana kungotola mawu a zida zimenezi pa kompyuta. Iye anafunafuna mkulu wina wodziwa kuliza kaligo, namupempha kuti azikoka kauta pang'onopang'ono pachingwe chake chimodzicho, pamene bangwe ikung'ung'udza liwu limodzi lotsika kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ng'oma anazichotseratu, zimene poyamba zimadabwitsa khutu lozolowera chimtali, komabe mpata umene zasiyawo ndi umene umachititsa womvera kuona chigwa chachikulu chopanda mudzi. Nyimbo yoitanira ziweto ndiyo yaposa zonse, chifukwa mayi woimbayo anamuimika patali ndi maikolofoni, moti mawu ake amafika ngati akuchokera kutsidya kwa phiri, ndipo ngakhale kupuma kwake kumamveka. Nyimbozi ndi zachilendo ndithu, koma zikumveka kuti zinalizidwa ndi manja a anthu.

Pa nyimbo yankhondo ndi pamene ntchito inaphonya. Amuna akuponda pansi mwamphamvu ndi kuvomerezana mofanana kwambiri ndi ingoma, kotero kuti aliyense amene anafikako ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February amangoona Angoni ndi zishango ndi zibonga zawo, dziko lachisanu lija n'kuiwalika. Payokha nyimboyo ndi yokoma, koma si ya anthu a m'nthano yathu.

Vuto lina ndi kufupika kwa nyimbo zonse, pakuti masewera athu amatenga madzulo athunthu, ndipo nyimbo ikatha n'kuyambiranso pamamveka kudukiza. Mtengo sunali woboola m'thumba, ndipo anatipatsa ntchito pa tsiku limene tinagwirizana. Amene akufuna kupita kumeneko anene msanga kuti akufuna nyimbo zotalika ndi zolumikizika bwino pobwereza, popeza kukonzanso pambuyo pake amalipiritsa padera.