Zimene ndaona pa makina a virtual reality pothandiza odwala sitiroko

Abale anga kwathuko, ambiri mwakhala mukundifunsa za makina a virtual reality, oonetsa munthu malo opangidwa pa kompyuta ngati kuti alimo, amene timagwiritsa ntchito kuno kunja, kumene ndimathandizira akatswiri a mafizo m'chipinda cha odwala sitiroko amene akuphunziranso kuyenda ndi kugwira zinthu. Ena mwafika pofunsa ngati n'koyenera kusonkha ndalama kuti mugulire wodwala wanu makinawa, ndipo funso limeneli ndi limene landichititsa kuti ndilembe.

Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena ukaphulika, moti gawo lina la ubongo limasowa magazi n'kuwonongeka. Dzanja limene lafa mphamvulo silinavulale ayi, koma uthenga wochokera ku ubongo ndi umene sukufikako. Ubongo umatha kutsegula njira zina zatsopano, makamaka m'miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira, koma umatero pokhapokha munthu akamabwereza kachitidwe kamodzimodzi kambirimbiri. Vuto lagona pomwepa, chifukwa kunyamula kapu n'kuiika pansi tsiku lonse kumatopetsa ndiponso kumafooketsa mtima. Kafukufuku wa mu 2009 m'zipatala za ku America ndi Canada anapeza kuti wodwala ankagwiritsa ntchito dzanja lofookalo pafupifupi ka 32 kokha pa nthawi imodzi ya mafizo, pamene pa kafukufuku wa nyama pamafunika kubwereza mazanamazana.

Tsiku loyamba limene ndinaona makinawa akugwira ntchito, tinali ndi bambo wina wachikulire amene mbali yake ya kumanja inali yofooka. Anali atataya mtima, ndipo nthawi ya mafizo ikakwana ankayang'ana kukhoma. Tinawaveka chipangizo chophimba maso chooneka ngati magalasi aakulu, kenako tinamangirira kachipangizo kena kudzanja lawo chifukwa zala sizinkatha kufumbata. M'magalasimo ankaona munda wa zipatso, ndipo ntchito yawo inali kuthyola chipatso n'kuchiponya m'dengu. Ine ndinaima kumbuyo kwawo nditagwira lamba wa m'chiuno kuti asagwe pampando, maso anga ali pa kompyuta imene inkaonetsa zimene iwo ankaona. Mkono unkanjenjemera, thukuta lili kamukamu pamphumi, koma sanasiye. Nthawi itatha, anapempha kuti awonjezere pang'ono kuti dengu lidzaze. Sindidzaiwala mawu amenewo, chifukwa anachokera kwa munthu amene dzulo lake ankakana ngakhale kutambasula chigongono.

Ubwino wa makinawa ndi womwewu, kuti amachititsa wodwala kuiwala kutopa, amawerengera kangati wasuntha mkono, ndipo katswiri amatha kusendeza chipatsocho patali pang'ono wodwala akayamba kupeza mphamvu. Komabe ndiyenera kunena chilungamo. Mu 2017 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku 72 wokhudza anthu 2,470, ndipo linapeza kuti pa nkhani ya mkono makinawa sankaposa mafizo a masiku onse ngati nthawi yake ili yofanana, koma ankathandiza akawonjezeredwa pa mafizowo. Kafukufuku wina wa mu 2016 wotchedwa EVREST, amene anachitikira ku Canada, Argentina, Peru ndi Thailand pa odwala 141, anayerekezera masewera a pa kanema a Nintendo Wii, amene munthu amasewera posuntha mkono, ndi masewera wamba monga makadi, bingo ndi mpira, ndipo magulu awiriwa anapeza bwino mofanana. Nditawerenga zimenezi ndinaganizira za inu, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Palinso zovuta zimene otsatsa malonda satchula. Odwala ena amamva chizungulire ndi nseru pakangopita mphindi zochepa. Ena amapeza njira yachidule yopambanira masewerawo, moti m'malo motambasula mkono amaweramitsa thupi lonse ndi kukweza phewa, ndipo ngati palibe katswiri woti awakonze, amazolowera kayendetsedwe kolakwika kamene kamadzetsa ululu paphewa. Komanso chipatso cha m'magalasi chilibe kulemera, choncho munthu angathe kuchithyola bwinobwino koma n'kulephera kunyamula supuni yeniyeni. N'chifukwa chake tikavula magalasi timapita nawo patebulo kuti akagwire zinthu zenizeni.

Yankho langa kwa amene mukufuna kusonkha ndalama ndi lakuti muyambe mwaonetsetsa kuti wodwala akuonedwa ndi katswiri wa mafizo, akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi mosadumphitsa, ndiponso pali munthu woleza mtima wokhala naye tsiku ndi tsiku pochita zimene katswiriyo walangiza. Musamuchitire chilichonse chifukwa chomumvera chisoni, koma mulekeni ayese yekha kutsegula botolo, kupinda nsalu ndi kutola timiyala, inu mukuwerengera n'kulemba m'kope kuti aziona yekha kuti chiwerengero chikukwera.

Bambo aja anatuluka m'chipatala akutha kufikitsa kapu pakamwa ndi dzanja lamanja. Mabatani a malaya anali akuwavutabe, ndipo mkazi wawo tinawaphunzitsa kuti azidikira, asamafulumire kuwamangira, ngakhale batani limodzi litatenga mphindi zisanu.