Ndinatumiza magetsi a LED a m'buti ku Blantyre, mmene zinandiyendera

Abale anga a kuno ku Joni, ndati ndikufotokozereni za kakatundu kamene ndinatumiza kwa achimwene ku Blantyre, mwina wina ali ndi ganizo ngati lomweli. Achimwene amayendetsa Corolla yakale ngati takisi, usiku amakhala pa Wenela kudikira anthu otsika mabasi, ndiye vuto lawo linali buti. Muli kababu kamodzi kokha kachikasu, ukatsegula usiku suona kanthu, amachita kuunikira ndi foni uku dzanja lina likukoka chikwama cha kasitomala. Tsiku lina mayi wina anasiya jumbo ya mankhwala pakona ya buti, inadzaoneka mmawa, achimwene anawotcha petulo wawo kukaipereka ku Chilomoni. Zinandikhudza, chifukwa galimoto imeneyi ndi imene ikudyetsa pakhomo pathu.

Ndinapita ku China Mall ya ku Crown Mines ndikugula strip ya LED (kalamba ka timagetsi tondondozana) ya 12V ya mamita awiri, ija yokutidwa ndi kalabala kuti isalowe madzi, ndi mababu awiri oyera. Musanagule babu auzeni a kumudzi achotse lakale alijambule akutumizireni pa WhatsApp, chifukwa galimoto zina zimalowa T10 yongobaya, zina festoon ija yokhala ngati kafyuzi, ndipo festoon nayo ili ndi masayizi, 31mm, 36mm, mukaphonya siikhala.

Nkhani yeniyeni ndi katumizidwe. Ndinapereka kwa transipota wina, sinditchula dzina, amene ndinamupeza kudzera kwa mnzanga wa kutchalitchi. Ananena kuti masiku asanu katundu afika. Anandilipiritsa ndalama yoposa imene ndinagulira magetsiwo, akuti kaya kanthu ndi kakang'ono bwanji pali mtengo woyambira, ndipo lisiti sanandipatse, anangolemba dzina pa katoni ndi maka. Masiku asanu anakhala masabata atatu. Ukaimba lero akuti tili pa Beitbridge mzere ndi wautali, mawa akuti galimoto yawonongeka tisanafike Nyamapanda, kenako foni osayankha masiku anayi, kenako akuti tili pa Mwanza tikudikira za msonkho muwonjezere kangachepe. Njirayo ndi yaitali ndikudziwa, Zimbabwe yonse kenako Tete kudzalowera pa Zobue, ndipo mzere pa boda umakhalapodi, koma munthu ungonena zoona kusiyana ndi kuzimitsa foni pamene achimwene akupita ku depoti tsiku ndi tsiku.

Katoni inafika yophwanyika, zikuoneka kuti inali pansi pa mafiriji ndi matumba. Strip inapindika pakati, theka limayaka theka ayi. Mwayi wake strip za 12V zimadulidwa pa kachizindikiro ka sizasi, pakatha ma LED atatu alionse, ndiye wamagetsi a galimoto ku Ndirande anadula pophwanyikapo n'kuwotcherera kawaya. Babu limodzi linapulumuka.

Ndalama yolipira wamagetsiyo ndinatumiza pa Mukuru, ndipo apa ndilibe chodandaula, ndinapanga oda pa foni ndikukalipira pa till mu shopu, achimwene anailandira tsiku lomwelo. Anzanga ena amagwiritsa Mama Money kapena Hello Paisa, chachikulu muziyamba mwaona kuti wolandira apeza makwacha angati, osangoyang'ana chaji yokha, komanso ngati ikulowa pa Airtel Money kapena Mpamba kumbukirani kuti potapa kwa ejenti amadulanso. Ena andifunsa kuti bwanji osangotumiza ndalama akagule ku Limbe. Zimatheka ndithu, ma LED aliko, koma chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zochokera kunja zinakwera kwambiri, ndipo ine ndimafuna strip imene ndayesa ndekha pa batire mu shopu ndikuiona ikuyaka. Pano nditawerengera zonse, kanthu kakang'ono chonchi sindingakaperekenso kokha kwa transipota. Ndingadikire munthu wodziwana naye amene akukwera basi pa Park Station akaike mchikwama cha mmanja, kapena ndiphatikize ndi katundu wamkulu wa December, strip ili pa kawilo kake mkati mwa kontena ya pulasitiki, ndijambule ndisanatseke, lisiti ya shopu ndisunge chifukwa a msonkho a MRA akhoza kuifuna.

Pa kaikidwe, muwauze amagetsi a galimoto alumikize ku mawaya a babu la m'buti lomwelo kuti buti ikatsekedwa magetsi azizima okha, akatenga moto ku batire dayirekiti opanda switchi adzapeza galimoto siikulira mmawa. LED ikakana kuyaka musafulumire kunena kuti yapsa, itembenuzeni kaye, ili ndi plus ndi minus. Komanso tepi yake ya kumbuyo imamatuka ndi kutentha kwa October, apukute pachitsulo pakhale poyera asanamate, kenako amange ndi ma cable tie.

Achimwene ananditumizira kavidiyo usiku ali pa Wenela, buti yonse mbee, mpaka jeke ndi sipanala zikuoneka. Akuti anzawo awiri a takisi akufuna zomwezo, ndiye amene akupita ku Blantyre mwezi uno ndipo ali ndi kamalo mchikwama andiuze.