Dizilo yotchipa yomwe inandidyera malipiro ku Birmingham

Abale anga muli kumudzi amene mukukonzekera kubwera kuno ku England, makamaka inu obwera pa ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndati ndikuuzeni za galimoto chifukwa ine zinandiwotcha ndipo mpaka lero ndikubwezabe ngongole. Ntchito imeneyi popanda galimoto siyenda, pa tsiku umalowa nyumba 10 kapena 12, ndiye ukangofika aliyense amakuuza kuti gula galimoto msanga. Palibe amene amakuuza kuti ugule yotani.

Ine ndinagula chakumapeto kwa 2023, dizilo ya 2012 ya ku Germany, injini 2.0, yakuda bii, mipando yachikopa, pa £3,200. Kuiona mtima unangoti myaa, chifukwa kwathu galimoto ngati imeneyo amayendera ndi mabwana. Wogulitsayo tinakumana pa msewu kutsogolo kwa nyumba ina yake, akuti galimotoyo ndi ya mkazi wake, ndipo anandiuza zinthu ziwiri zomwe zinandigwetsa: msonkho wa pamsewu ndi £35 yokha pa chaka chifukwa utsi wake ndi wochepa, komanso imayenda mamailosi opitirira 60 pa galoni imodzi. Za £35 zija sananame ayi, ndipo pamenepo ndi pomwe pali msampha.

Mvetsani bwino apa. Kuno utsi amauwerenga pawiri. Msonkho wa pachaka wa galimoto zolembetsedwa pakati pa March 2001 ndi March 2017 amatengera mpweya wa CO2, ndipo dizilo imatulutsa wochepa, yanga pa pepala inali 119 g/km. Koma mizinda siyang'ana zimenezo, iyo imayang'ana utsi wina uja wowononga mapapo, ndipo mizinda ina imalipiritsa galimoto yolowa mkati ikapanda kukwana mlingo wa utsi wotchedwa Euro. Ya petulo ikufunika Euro 4, zomwe ndi pafupifupi galimoto iliyonse kuyambira 2006, pomwe ya dizilo ikufunika Euro 6, zomwe zambiri ndi za September 2015 kupita kutsogolo. Yanga inali Euro 5. Ndiye tangoganizani, kagalimoto ka petulo ka 2007 kakudutsa ulere ine ndi yanga ya 2012 yonyezimira ndikulipira.

Ku Birmingham dera lolipiritsali linayamba pa 1 June 2021, ndi mkati monse mwa msewu wozungulira wa A4540, ndipo galimoto yaing'ono yosakwana mlingo ndi £8 pa tsiku. Palibe geti, palibe wapolisi wokuimitsa, ndi makamera basi amangojambula nambala. Makasitomala anga atatu anali mkati momwemo cha ku Highgate ndi Newtown. Zikwangwani ndinkaziona koma ndinkati za ine ayi, si anandiuza kuti utsi ndi wochepa. Makalata atayamba kubwera anabwera motsatizana, 9, iliyonse chindapusa £120 koma ukalipira masiku 14 asanathe ndi £60. Ndinalipira £540 mwezi umodzi, ndalama yomwe ndinalonjeza amayi ya feteleza, ndipo tsiku lomwe ndinawaimbira kuwauza kuti chaka chino ichedwa ndinalira ndithu. Kuchokera apo £8 tsiku lililonse, masiku 5 pa sabata, ndi £160 pa mwezi. Komanso tsiku amawerenga kuyambira 12 koloko usiku kufika 12 koloko usiku winawo, ndiye ukalowa 10 koloko usiku n'kutuluka 1 koloko walipira kawiri. London ndiye ndi £12.50 ndipo kuyambira 29 August 2023 ndi mzinda wonse, Bristol £9.

Za mafuta nazo bodza. Galoni ya kuno ndi malita 4.5 ndi pang'ono, ndiye 60 ija ndi ngati makilomita 21 pa lita. Ine sindinaionepo nambala imeneyo, mtauni ndinkapeza 38 kapena 40, kutanthauza makilomita 14 pa lita. Manambala a galimoto zakalezi anachokera ku mayeso akale a mu labu omwe ngakhale a ku Ulaya eniake anawasiya n'kuyamba ena a WLTP mu 2017. Dizilo imapulumutsa mafuta ukamayenda mtunda wautali pa motorway, osati izi zathu zoyenda mphindi 5 kuzimitsa, mphindi 7 kuzimitsa, injini isanatenthe n'komwe. Ndipo pa pampu dizilo kuno nthawi zambiri ndi yodula kuposa petulo.

Kuyenda kwafupikufupi komweko ndi komwe kunapha DPF, kasefa kogwira mwaye ku ekizozi. Kamafuna galimoto ithamange nthawi yaitali kuti mwayewo upse, apo ayi kamatseka. Mwezi wachitatu nyali inayaka, galimoto mphamvu n'kutheratu ndili pa ulendo wopita kwa agogo ena omwe amadikira ine kuti amwe mankhwala. Ndinamuimbira wogulitsa uja, paja anandilonjeza pakamwa kuti chikavuta chilichonse m'miyezi itatu ndibwere, nambala yosapezeka. Ndinapita ku nyumba ija, anthu ake sakumudziwa. Pambuyo pake ndinaona nambala yomweyo pa zotsatsa za galimoto zina zinayi, kusonyeza kuti ndi wabizinesi amene amadzibisa ngati munthu wamba, chifukwa ukagula kwa wabizinesi lamulo la 2015 limakupatsa masiku 30 obweza galimoto ikakhala ndi vuto, pomwe kwa munthu wamba mwayi umenewo palibe.

Galaja yoyamba anati £1,100 kusintha sefa. Wina wakwathu konkuno anandiuza kuti ali ndi munthu wongoichotsa pa £300. Amene anandipulumutsa ndi makaniko wina wachikulire, ali ndi kagalaja kakang'ono kuseri kwa mashopu, Mulungu amudalitse bambo ameneyo. Anandiuza mosabisa kuti kuchotsa DPF ndi mlandu, galimoto imalephera MOT, mayeso a pachaka oona ngati ili bwino kuyenda pamsewu, ndipo chindapusa chimafika £1,000. Anaitsuka pa £180 kenaka anandikhazika pansi, kundifunsa ntchito yanga, n'kunena kuti mwana wanga galimotoyi si yoipa koma si ya ntchito yako, ibweranso kuno pakatha miyezi iwiri ndipo ine ndizingodya ndalama zako, igulitse. Munthu wokana ndalama chonchi kuno ndi wosowa. Anatenga foni yanga n'kundionetsa pa webusaiti ya boma ya gov.uk pomwe umangolemba nambala ya galimoto n'kuona ulere ngati imalipira m'mizinda, ndi pena pomwe umaona mbiri yonse ya MOT ndi mamailosi a chaka chilichonse. Mphindi ziwiri zokha, abale, zomwe zikanandisungira ndalama zonsezi.

Ndinaigulitsa £1,900, ndipo wogulayo ndinamuuza zonse, iye amakhala kumudzi kutali ndi mizinda yolipiritsa. Pano ndili ndi Skoda Fabia ya petulo 1.2 ya 2013, ndinagula £2,600 pa galaja yokhala ndi adiresi ndi lisiti. Msonkho wake ndi wokwera, kupitirira £150 pa chaka, koma mtauni ndimalowa ulere, mafuta imandipatsa mamailosi cha m'ma 42 mpaka 45 pa galoni, kuposa dizilo ija pa maulendo omwewo. Inshuwalansi inatsika kuchoka £2,400 kufika £1,500, poti kuno galimoto zili m'magulu 1 mpaka 50 ndipo zazikulu za ku Germany zija zili kumtunda. Anzanga ena ali ndi Polo, Clio, Peugeot 208, onse a petulo ang'onoang'ono, sindinamve akudandaula za makalata. Musaiwalenso kuti inshuwalansi ikhale yolola kuyendera ntchito, komanso laisensi ya ku Malawi imagwira miyezi 12 yokha ndipo sasinthitsa ngati ya ku Zimbabwe kapena South Africa, mayeso mulemba basi.

Tsono inu achimwene amene mumanditumizira zithunzi za Benz ndi BMW pa WhatsApp kuti ndikafika ndigula iyi, siyani zimenezo. Mukufuna chithunzi cha pa Facebook kuti akwanu aziti mwaphula, koma akwanuwo sadzakulipirirani £8 ya tsiku. Galimoto yaikulu ya dizilo ikatchipa chonchi ndiye kuti eni dziko aithawa, akudziwa chifukwa chake, ndipo akudikira ife obwera kumene. Enanso mumati ikavuta ndidzangoitumiza kumudzi, kodi mwawerengera sitima mpaka Dar es Salaam, msonkho wa MRA womwe umakwera galimoto ikakhala yakale ndi injini yaikulu, ndi masipeya omwe ku Lilongwe mudzasaka mpaka kutopa poti ambiri amasunga za Toyota?

Ine pa miyezi 5 ndinataya ndalama yopitirira £2,500 ndikaphatikiza zindapusa, ma £8 aja, kutsuka sefa ndi kutsika kwa mtengo pogulitsa. Mnzanga amene anandibwereka £1,500 yogulira galimoto yoyamba ija ndimamupatsa £100 mwezi uliwonse, kwatsala miyezi inayi.